Ndalama Zathu Zikunenepa Kapena Zikungotupa?

Awa ndi mawu amene mmodzi wa ife anayankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu ku Nkhudzi, m'boma la Mangochi. Tawasindikiza onse monga mmene mamembala anapemphera.



Komiti inandipempha kuti ndiyankhulepo za mmene munthu angagwiritsire ntchito kompyuta poyang'anira ndalama zimene waika m'malo osiyanasiyana. Pempholi linadza pa zifukwa ziwiri. Ambiri a ife tafika kapena tikuyandikira msinkhu wopuma pa ntchito, ndipo tsiku lina tidzalandira ndalama zambiri nthawi imodzi, zimene sizidzabweranso kachiwiri. Komanso bungwe lathu lili ndi thumba lothandizira ana osowa pa sukulu yathu, kuwagulira yunifolomu, makope ndi kuwalipirira kogona. Chaka ndi chaka msungichuma amatiwerengera kuti thumbalo lakula, ife n'kuwomba m'manja, koma ana amene tikutha kuwathandiza sakuchuluka. Tsono funso langa masana ano ndi limodzi basi: kodi ndalama zathu zikunenepa, kapena zikungotupa? Mwendo wotupa ndi mwendo wonenepa amafanana ukauonera patali, koma mwini wake amadziwa umene ukumpweteka.

Chida chimene ndikufuna tigwiritse ntchito poyankha funsoli chimatchedwa spreadsheet. Musaope dzinalo. Ndi kope la masamu lija la timabokosi limene tinkalembamo ku Fomu 1, kungoti tsopano lili m'kompyuta. Mizere yotsika ili ndi zilembo, A, B, C, ndipo mizere yopingasa ili ndi manambala, 1, 2, 3, kotero kuti kabokosi kalikonse kali ndi dzina lake, monga B4. M'kabokosi mutha kulembamo mawu, nambala, kapena lamulo la masamu limene timalitcha fomula, ndipo fomula iliyonse imayamba ndi chizindikiro cha =. Ubwino wake wonse wagona pa chinthu chimodzi: mukasintha nambala imodzi, timabokosi tonse todalira nambalayo timadzikonza tokha nthawi yomweyo. Yoyamba kutchuka inali VisiCalc imene anapanga a Dan Bricklin ndi a Bob Frankston mu 1979. Kenaka kunabwera Lotus 1-2-3 mu 1983, ndipo ena mwa inu amene munagwira ntchito m'maofesi a ku Blantyre ndi ku Lilongwe m'zaka za m'ma 1990 mukuikumbukira bwino. Lero ambiri amagwiritsa ntchito Excel. Amene alibe ndalama yoigulira atha kutenga LibreOffice Calc yomwe ndi yaulere, kapena Google Sheets yomwe imagwira ngakhale pa foni. Zimene ndinene pano zimatheka pa zonsezi.

Tiyambe ndi tsamba limene anthu ambiri amalidumpha. Tsegulani tsamba loyamba ndipo musalembepo chuma chanu ayi. Lembanipo manambala amene si inu mumawalamula: kukwera kwa mitengo ya zinthu pa chaka, mtengo wa dola, msonkho wa pa chiwongoladzanja, msonkho wa pa phindu limene makampani amagawira eni masheya, ndi ndalama imene wogulitsa masheya amadulapo pa malonda aliwonse. Nambala iliyonse ikhale m'kabokosi kakekake, dzina lake pambali, ndi tsiku limene munaitenga. Kwa zaka zambiri msonkho wa pa chiwongoladzanja unali 20 peresenti ndipo wa pa phindu la masheya unali 10 peresenti, koma manambala otere amasintha nduna ya zachuma ikangowerenga bajeti, choncho funsani ku MRA kapena ku banki yanu musanalembe. Lamulo lake ndi lakuti nambala yotere isabisike m'kati mwa fomula. Mukalemba 0.2 m'mafomula makumi atatu, tsiku limene msonkho udzasinthe mudzakonza makumi awiri ndi asanu ndi anayi, n'kuiwala imodzi, ndipo imodziyo idzakunamizani kwa zaka zambiri osaizindikira. Koma fomula iliyonse ikamaloza ku kabokosi kamodzi, mudzasintha pamodzi pokha. Pofuna kuti fomula isasunthe pa kabokosiko mukamaikopera m'mizere ina, ikani chizindikiro cha dola kutsogolo kwa chilembo ndi kwa nambala, monga $B$3.

Tsopano tiyese masamu oyamba, ndipo ndikupempha aphunzitsi athu kuti asaseke tikamakanda m'mutu.

M'chaka cha 2024 boma linkabwereka ndalama kwa anthu kudzera mu Reserve Bank pogulitsa ma Treasury bill, ndipo a masiku 364 ankapereka chiwongoladzanja cha 26 peresenti. Munthu akamva 26 peresenti mtima umadumpha. Ukaika K1 miliyoni, chaka chikatha ukuyembekezera K260,000 ya pamwamba. Chotsanipo msonkho wa 20 peresenti, mutsala ndi K208,000, kutanthauza kuti phindu lanu ndi 20.8 peresenti. Koma chaka chomwecho mitengo ya zinthu inakwera ndi pafupifupi 32 peresenti. Apa ndi pamene pamafunika fomula imene ndikufuna aliyense apite nayo kwao, ngakhale aiwale zina zonse. Tengani 1 kuphatikiza phindu lanu, gawani ndi 1 kuphatikiza kukwera kwa mitengo, n'kuchotsapo 1. Ndiye kuti 1.208 kugawa ndi 1.32, kuchotsa 1. Yankho lake ndi 8.5 peresenti ya kutaya. Munthu uja anabwera kunyumba ndi K1,208,000 m'thumba, akumwetulira, koma ndalamayo inkagula katundu wochepa kusiyana ndi amene K1 miliyoni yake ikanagula chaka chisanayambe. Uko ndiye kutupa. Ndipo dziwani kuti ameneyu ndi amene anachita bwino. Mnzake amene anangosiya ndalama mu akaunti yosungira, yopatsa chiwongoladzanja chochepa, anataya kuposa pamenepo, ndipo amene anazikwirira m'chitini anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Amene munali pa ntchito mu 1995, kwacha itangosiyidwa kuti iziyandama yokha mu 1994, mukukumbukira chaka chimene mitengo inakwera ndi kupitirira 80 peresenti. Makolo athu ambiri amene analandira ndalama zopumira m'zaka zimenezo anaziona zikusungunuka ali maso.

Pa mtengo wa dola ndikufuna ndichedwepo pang'ono, chifukwa pali chinthu chimene chimasokoneza ngakhale anthu ophunzira. Mu Novembala 2023 tinamva kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Dola imene inkagulidwa pa mtengo wa pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Lembani manambala awiriwo m'timabokosi tiwiri. Mukagawa 1,700 ndi 1,180 mupeza 1.44, kutanthauza kuti dola inakwera ndi 44 peresenti. Koma funso la mwini ndalama ndi lina. Munthu amene anali ndi K10 miliyoni usiku umenewo anali ndi ndalama zokwana madola pafupifupi 8,475. Kutacha, K10 miliyoni yomweyo inali madola pafupifupi 5,882. Anataya pafupifupi 31 peresenti ya mphamvu yake yogulira katundu wa kunja. Manambala onse awiri ndi oona, koma amayankha mafunso osiyana: 44 akuuzani mmene mtengo wa injini ya boti ukwerere, 31 akuuzani mmene ndalama yanu yafupikira. N'chimodzimodzi ndi Meyi 2012 pamene dola inachoka pa K168 kufika pa K250: ena analemba kuti 49 peresenti, ena 33 peresenti, ndipo anthu ankakangana m'mabasi kuti wonama ndani. Panalibe wonama. Spreadsheet imathetsa mkangano wotere m'mphindi imodzi.

Kwa amene madola sakuwakhudza mtima, ndikulangiza kuti muwonjezere mzere wina pa tsamba loyamba lija, wa mtengo wa chinthu chimene ndalamayo mudzagulire. Ngati mukusungira kumanga, lembani mtengo wa thumba la simenti. Ngati mukusungira chakudya cha pa ukalamba, lembani mtengo wa thumba la chimanga la makilogalamu 50. Ife a bungwe tiyenera kulemba ndalama zimene mwana mmodzi amafuna pa chaka. Ndiye chaka chilichonse mugawe chuma chanu chonse ndi mtengowo. Yankho lake silidzakhala makwacha koma matumba, kapena ana, ndipo nambala imeneyo sinyengerera munthu.

Tsamba lachiwiri ndi la chuma chanu. Mzere wopingasa uliwonse ukhale malo amodzi amene mwaikamo ndalama. Tiyerekeze munthu wa konkuno amene ali ndi K10 miliyoni; manambala otsatirawa ndi ongoyerekeza, musawatenge ngati ulosi. Waika K2 miliyoni ku banki, K3 miliyoni mu Treasury bill, K3 miliyoni m'masheya, ndi K2 miliyoni mu bizinesi ya usipa ndi mlamu wake. Mu A lembani dzina la malowo, mu B ndalama zimene zilimo lero. Mu C mukhale gawo lake, ndiye kuti B kugawa ndi ndalama zonse pamodzi. Mupeza 20, 30, 30 ndi 20 peresenti. Pansi pa C ikani fomula yophatikiza, =SUM(C2:C5), ndipo nthawi zonse izionetsa 100 peresenti. Ikaonetsa 97 kapena 104, imani pomwepo, china chake chalakwika. Mu D lembani phindu limene mukuyembekezera msonkho utachotsedwa kale, tinene kuti 5 ku banki, 21 ku Treasury bill, 40 ku masheya ndi 30 ku usipa. Phindu la chuma chonse silipezeka pophatikiza manambala anayiwo n'kugawa ndi 4, chifukwa ndalama zake si zofanana. Gawo lililonse lichulukitsidwe ndi phindu lake, kenaka muphatikize. Fomula imodzi imachita zonsezi, =SUMPRODUCT(C2:C5,D2:D5), ndipo pa chitsanzo chathu ipereka 25.3 peresenti. Idutsitseni tsopano mu fomula ija ya kukwera kwa mitengo. Mitengo ikakwera ndi 30 peresenti, munthu wathu wataya 3.6 peresenti, ngakhale kuti K10 miliyoni yake yasanduka K12.53 miliyoni.

Ndikuona ena mukuti, ngati zili choncho bwanji osaika zonse m'masheya? Funsolo ndi lomveka. Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange unayamba malonda ku Blantyre mu Novembala 1996 ndi kampani imodzi yokha, NICO, ndipo pofika 2024 makampani anali 16. Mu 2023 mitengo ya masheya yonse pamodzi inakwera ndi pafupifupi 79 peresenti, ndipo mu 2024 ndi pafupifupi 55 peresenti. M'zaka zimenezo masheya anathamanga kuposa mitengo ya m'sitolo, ndipo amene anagula ananenepadi. Koma mukatenga 79 n'kumulemba mu D ngati phindu la chaka chilichonse, spreadsheet sikutsutsani. Idzachulukitsa mokhulupirika n'kukuuzani kuti pakatha zaka khumi mudzagula Mangochi yense. Kompyuta sidziwa kuti mwailembera maloto. Komanso sheya imene yakwera pa pepala siinakhale ndalama mpaka mutapeza wogula, ndipo pa msika waung'ono ngati wathu masheya ena amatha masiku ambiri osagulidwa. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Pali msampha wina wa masamu umene ndiutchule mwachidule. Ndalama ikakwera ndi 50 peresenti chaka chino n'kutsika ndi 50 peresenti chaka chamawa, ambiri amati yabwerera pomwe inali. Ayi. K1 miliyoni ifika pa K1.5 miliyoni, n'kutsika kufika pa K750,000. Mukamawerengera zaka zingapo, musaphatikize maperesenti, chulukitsani 1.5 ndi 0.5, ndipo muona nokha.

Tsopano ndifike pa mzere umene ndimauona kuti ndi wofunika kuposa yonse, ngakhale mulibe masamu ovuta. Makolo athu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pa nkhani za banja kapena za ntchito mwambiwo ndi woona. Pa ndalama nzeru ndi yakuti usaike zonse pamodzi. Katswiri wa ku America, a Harry Markowitz, analemba za zimenezi mu 1952 ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1990. Koma chimene iwo anaonetsa si chakuti ukhale ndi malo ambiri chabe ayi. Anaonetsa kuti chofunika ndi kukhala ndi malo amene sagwa nthawi imodzi. Choncho mu E lembani mutu wakuti "Zimadalira chiyani?" ndipo pa mzere uliwonse muyankhe ndi liwu limodzi.

Tayang'anani kunjaku. Munthu wa kuno ku Nkhudzi atha kunena kuti wamwaza bwino chuma chake: ali ndi boti ndi chilimira, ali ndi kanyumba kogonamo alendo m'mbali mwa nyanja, mkazi wake amagula usipa n'kukagulitsa ku Limbe, ndipo ali ndi golosale pafupi ndi doko. Pa tsamba lake ndi mizere inayi yooneka bwino. Koma mu E alemba liwu limodzi kanayi: nyanja. Mwera ukawomba masiku angapo boti silipita, usipa sutuluka, mayi alibe chokagulitsa, ndipo alovi amene amagula pa golosale alibe ndalama. Nyengo yotseka nyanja ikafika kumapeto kwa chaka, n'chimodzimodzi. Mu 2024 nyanja inadzaza kuposa mmene tinaionera kwa zaka zambiri, madzi n'kulowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za m'mbali mwa gombe kuno ku Mangochi, nonse mukudziwa. Mu 2020 Covid-19 itatseka maulendo, zipinda za alendo zinangokhala pululu. Ndipo tisaiwale kuti injini, ukonde ndi mafuta zonse zimachokera kunja, motero boti lomwelo limadaliranso dola. Chambo chimene makolo athu ankachiyesa chosatha chinachepa ife tikuona.

Anzanga a m'tauni musaseke asodzi, chifukwa inunso muli m'boti lomwelo koma la mtundu wina. Tengani mndandanda wa makampani a pa msika wa masheya. National Bank, Standard Bank, NBS Bank, FDH Bank ndi FMB Capital Holdings onsewa ndi a mabanki. Press Corporation ili ndi gawo lalikulu mu National Bank ndi mu TNM. NICO ili ndi gawo lalikulu mu NBS Bank. NITL ntchito yake ndi kusunga masheya a makampani ena a pa msika womwewo. Munthu atha kugula masheya a makampani asanu, n'kumadzitama kuti wamwaza, pamene onse asanuwo akudya m'mbale imodzi. Ndipo mbaleyo ndi iti? Gawo lalikulu la phindu la mabanki athu m'zaka zapitazi lachokera ku kubwereketsa boma. Penshoni yanu, imene kuyambira mu 2011 lamulo limati olemba ntchito aziikamo 10 peresenti ya malipiro anu ndipo inu 5 peresenti, nayonso yaikidwa kwambiri mu ngongole za boma ndi m'masheya omwewa. Ndiye munthu amene ali ndi Treasury bill, masheya a mabanki ndi penshoni, mu E alemba "boma" katatu. Sindikunena kuti muthawe zimenezi. Njira zina m'dziko muno ndi zochepa, ndipo ine ndemwe ndikanakhala ndi K10 miliyoni ndikanaikako ndithu. Ndikunena kuti muzidziwa. Fomula ya SUMIF imaphatikiza ndalama zonse za mizere imene mu E muli liwu lofanana, ndipo ikakuonetsani kuti 70 peresenti ya chuma chanu yatsamira pa mtengo umodzi, mudzaganiza kawiri musanawonjezerepo.

Amene muli ndi manambala a zaka zingapo mutha kupitirira apa pogwiritsa ntchito fomula ya CORREL, imene imayeza ngati zinthu ziwiri zimakwera ndi kutsika limodzi. Yankho likayandikira 1 ndiye kuti ndi mapasa. Koma kwa ambiri a ife liwu limodzi lija la mu E ndi lokwanira.

Tsamba lachitatu ndi la chaka choipa. Koperani tsamba lachiwiri, ndipo pambali pa D ikani mzere wina wa phindu la chaka cha mavuto. Musachite manyazi, lembani zoipa zenizeni zimene munazionapo. Tinene kuti masheya atsika ndi 20 peresenti, bizinesi ya usipa yataya 40 peresenti chifukwa injini yafa pa nthawi ya mwera, banki ndi Treasury bill zapereka monga mwa masiku onse. SUMPRODUCT ipereka 6.7 peresenti ya kutaya, ndipo mitengo ikakwera ndi 30 peresenti, munthu wathu wataya 28 peresenti ya mphamvu yake yogulira m'chaka chimodzi. Tsono dzifunseni: zitatero, kodi pakhomo padzakhala chakudya? Kodi mwana wa ku koleji apitiriza? Ngati yankho ndi ayi, bwererani ku C mukasinthe magawo, ndipo muone pamene yankho lisanduke inde. Ntchito yeniyeni ya spreadsheet ndi imeneyi, kukulolani kugwa pa pepala musanagwe pa dothi. Magawo oyenera mnyamata wa zaka 30 amene akulandira malipiro mwezi ndi mwezi si oyenera mayi wa zaka 62 amene akudya ndalama yomweyo. Ndipo ndalama imene mudzaifuna m'miyezi isanu ndi umodzi ikubwerayi isapite ku masheya kapena ku boti, ngakhale phindu lake likhale lokoma chotani.

Magawo mukawasankha sakhala pamene munawasiya. Pa chitsanzo chathu chija, chaka chabwino chikatha masheya afika pa K4.2 miliyoni mwa K12.53 miliyoni, ndiye kuti 33.5 peresenti mmalo mwa 30. Onjezerani mzere wa gawo limene mukufuna, ndi wina wochulukitsa gawolo ndi chuma chonse n'kuchotsapo zimene zilimo. Udzakuuzani kuti masheya apitirira ndi K441,000. Mutha kugulitsako, kapena, popewa ndalama ya wogulitsa masheya, kungoika ndalama zatsopano m'malo amene atsalira. Kamodzi pa chaka ndi kokwanira.

Amayi angapo anandifunsa pa nthawi ya tiyi za banki m'khonde, kuti ilowe pati. Ilowe ngati mzere wakewake, ndipo mu E mulembe "anzanga a m'gulu", chifukwa ndalamayo imadalira kuti iwo abweze. Koma phindu lake lili ndi kawerengedwe kake. Gulu likamabwereketsa pa 20 peresenti pa mwezi, si ndiye kuti wosunga amapeza 240 peresenti pa chaka. Ndalama simuika zonse mu Januwale, mumaponya pang'onopang'ono. Si nthawi zonse pamene ndalama zonse zili pa ngongole. Ndipo gawo lina la chiwongoladzanja chimene mumagawana mu Disembala ndi chimene munalipira nokha pa ngongole yanu. Njira yoona ndi iyi: mzere umodzi lembani masiku, mzere wina ndalama. Imene mwaponya kapena kubweza muilembe ndi chizindikiro chochotsera kutsogolo, imene mwalandira muilembe yopanda chizindikiro. Fomula ya XIRR idzakupatsani phindu lenileni la pa chaka, poganizira kuti K20,000 ya mu Febuluwale yagwira ntchito nthawi yaitali kuposa K20,000 ya mu Okutobala. Fomula yomweyi ndi yoyenera pa masheya amene mwagula nthawi zosiyana, ndi pa masheya anu a ku SACCO. Kwa wobwereka nkhani ndi ina. Ngongole ya 20 peresenti pa mwezi, chiwongoladzanja chikamaberekana osabwezako, imachulukana pafupifupi ka 9 pa chaka chimodzi. Lembani =1.2^12 muone. Palibe bizinesi ya usipa imene ingathamange liwiro limenelo, ndipo amene akuganiza zotenga katapila kuti akagule masheya alembe kaye fomula imeneyi.

Spreadsheet nayo imalakwa, kapena ndinene kuti imabwereza molimba mtima kulakwa kwa mwini wake. Mu 2010 akatswiri awiri otchuka a zachuma, a Carmen Reinhart ndi a Kenneth Rogoff, anasindikiza kafukufuku wonena kuti ngongole ya dziko ikapitirira 90 peresenti ya chuma chake cha pa chaka, chumacho chimasiya kukula bwino. Andale a maiko akuluakulu anaugwiritsa ntchito pochepetsa ndalama za boma. Mu 2013 wophunzira wina wa pa University of Massachusetts Amherst, a Thomas Herndon, anapempha spreadsheet yawo, ndipo mwa zina anapeza kuti fomula ina inasiya kunja mizere ya maiko asanu. Ngati zinachitikira aphunzitsi a ku Harvard, ife ndani? Vuto lotere limabwera kawirikawiri mukawonjezera mzere watsopano pansi, monga tsiku limene mwagula mbuzi kapena puloti, fomula ya SUM n'kupitiriza kuphatikiza mizere yakale yokha. Ndi chifukwa chake ndinaumirira pa kabokosi kaja ka 100 peresenti. Ikaninso kena kofananitsa ndalama zonse za pa tsamba ndi zimene zili pa mapepala a ku banki ndi a kwa wogulitsa masheya. Ndipo mupatse munthu wina, mkazi wanu, mwamuna wanu kapena mwana wanu wamkulu, kuti aliyang'ane. Zimenezi zili ndi ubwino wina umene sitikonda kuutchula: tsiku limene mudzachoke, a pabanja panu adzadziwa kuti ndalama zili kuti. Masheya ndi maakaunti ambiri amangokhala opanda mwini chifukwa bambo ankasunga zonse m'mutu.

Pa puloti ndi nyumba ndichenjeze chinthu chimodzi. Mu B musalembe mtengo umene mumalota, kapena umene mnansi wanu akuti anamutchulira. Lembani umene munthu angakupatseni mwezi uno mutafuna kugulitsa, ndipo pa lendi muchotse miyezi imene nyumba imakhala yopanda munthu, ndi ndalama za penti, denga ndi mipope.

A Wapampando, pempho langa ku komiti ndi ili. Pa msonkhano wa chaka chamawa msungichuma wathu, amene wagwira ntchito yake mokhulupirika ndipo sindikumudandaula konse, asatiwerengere nambala imodzi yokha ya ndalama zimene zili m'thumba. Atibweretsere tsamba limodzi losindikizidwa, loonetsa kumene ndalamazo zili ndi gawo la malo aliwonse, phindu lake msonkho ndi kukwera kwa mitengo zitachotsedwa, ndi chiwerengero cha ana amene ndalamazo zingathe kuwathandiza poyerekeza ndi chaka chatha. Tikaona tsambalo ndi pamene tidzakambirane ngati gawo lina lichoke mu akaunti yosungira kupita ku Treasury bill ya masiku 91, 182 kapena 364, molingana ndi nthawi imene matemu amatsegulira. Ine ndabwera ndi laputopu, ndipo amene akufuna kuti timange limodzi masamba atatuwa andipeze pa khonde tikatha kudya.